Kansalu Kokulungira Chipolopolo

Mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi inaleka kum'mawa, koma dzuwa silinatuluke. Kumwamba kunangotuwa ngati phulusa, madzi akudonthabe kumalata.

Mwana wanga wamkazi anali atafika dzulo lake, mvula ili mkati. Ndi namwino, amakhala kutauni. Anabwera kudzalongedza katundu wa mayi ake m'chipinda chosokera, chimene ndinachitseka chaka chatha titangobwera kumanda. Ndinamukaniza kawiri pa foni. Kachitatu sanapemphe, anangofika ndi makatoni.

M'mawa umenewo iye anali m'chipindamo, ine ndili pakhonde. Ndinkamva madilowa akutsekuka ndi kutsekeka. Sindinalowe.

Mlamu wanga anatulukira kuseri kwa khola, matope mpaka m'mawondo. Ndi mlongo wake wa malemu mkazi wanga, ndipo munda wake unachita malire ndi wanga. Amalankhula za anthu awiri, zake ndi zanga. Tsiku limenelo sanapereke ndi moni womwe.

"Alamu, ng'ombe yanu ili m'chigwembe."

Ng'ombe ndinali nayo imodzi yokha. Mayi wake anafa pobereka, ndipo mkazi wanga anailera ndi botolo. Iye anali telala, ndiye ataona kabanga koyera pamphumi pake anaitcha Kabatani. Tsopano Kabatani anali wokalamba, mkaka analeka kale. Wabutchala anabwera katatu kudzamufuna. Katatu konseko ndinamuonetsa geti.

Tinatsika tonse atatu kumusi kwa munda. Chigwembe chimenechi nthawi zambiri chimakhala chouma, ana amachidutsa akuthamanga. Tsiku limenelo chinali chitadzaza madzi ofiira, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe. Gombe la mbali yathu linali litagumuka. Kabatani anapita nalo, madzi n'kukamutaya kutsidya, pa kathanthwe kamene kali pansi pa phedi loongoka ngati khoma. Kuchokera mbali yathu, madzi. Kuchokera mbali inayo, phompho lotalika kuposa nyumba.

Ankayesa kudzuka. Miyendo yakutsogolo inkapalasa mwala, yakumbuyo ili gone ngati si yake. Akayesa ankalira, kulira kumene ndinali ndisanakumvepo.

Mwana wanga anayang'ana nthawi yaitali.

"Msana wathyoka, bambo."

Anaimbira foni dokotala wa ziweto. Ndinkamva yekhayo akuyankha kuti eya, eya, chabwino. Atadula anati mlatho wamira, dokotalayo sangafike lero ngakhale mawa, ndipo ngakhale atafika palibe chimene angachite.

"Mpeni ndili nawo," anatero mlamu wanga. "Mapiko ndi amene ndilibe."

Anazika kamtengo m'matope, pamene madzi analekeza.

"Kumapiri ikugwabe. Akukwera awa, alamu. Likamapendeka dzuwa akhala atamufika pamphuno, ndipo amumiza pang'onopang'ono."

Ndinayeza ndi maso. Masitepe makumi anayi, motsetsereka pang'ono. Malo amene ng'ombe imafera nthawi yomweyo ndi aang'ono, saposa chikhatho cha mwana, ndipo kwa Kabatani anali pomwe panali kabanga kaja. Ukaphonya pang'ono umaswa nsagwada kapena nyanga, ng'ombe n'kumakuyang'anabe.

Ndinabwerera kunyumba kukatenga mfuti.

Mfuti yanga ndi ya gogodela, inali ya bambo anga. Imadyera kukamwa. Umathira wonga mumpope, pakamwa pake n'kuyalapo kansalu kozungulira, pakansalupo n'kukhazika chipolopolo cha mtovu, kenako n'kutsindira ndi ndodo mpaka chikakhale pa wonga. M'kati mwa mpope muli timizere topota. Chipolopolo sichikhudza timizereto, chimene chimagwira ndi kansalu. Kakapyapyala, moto umadutsa m'mbali ndipo chipolopolo chimapita kumene chafuna. Kakakhuthala, chipolopolo chimakanirira panjira.

Zikombole zoumbira zipolopolo ndili nazo ziwiri. Zipolopolo zake ukaziika pachikhatho sungazisiyanitse ndi maso, koma mpope umazisiyanitsa. Chachikulu chimafuna nsalu yopyapyala koma yolimba. Chaching'ono chimafuna yokhuthalako. Ine ndinkaombera chaching'ono, ndi tinsalu timene ankandidulira mkazi wanga. Ankatiika m'kachitini, titapakidwa phula pang'ono. Kachitini kakamatha, ndinkakasiya pa makina ake osokera. Mawa lake ndinkakapeza pa tebulo katadzaza. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, ine ndinali ndisanadulepo kansalu ndi kamodzi komwe.

Ndinatsegula kachitini. Ndinkadziwa kale kuti mulibe kanthu. Tinsalu tinatha mwezi umene anayamba kudwala, ndipo kuyambira pamenepo mfuti sindinaigwirenso. Koma kuchivindikiro kunali katamata kamodzi, kouma gwa, ka dzimbiri mbali imodzi. Pokamatula kanang'ambika pakati. Kanali koyera, ka timizere tabuluu tating'onoting'ono.

Ndinakhuthula wonga wa m'nyanga imene ndimausungiramo n'kuuyeza. Unakwana miyezo inayi, yoombera kanayi basi.

Ndinaima pakhomo la chipinda chosokera. Mwana wanga anali atabwerera ku makatoni ake, koma manja ake sankagwira kanthu. Ndinamupatsa theka la kansalu kaja.

"Nsalu ngati iyi."

Anakatembenuza pachikhatho. Anakhalitsa akukayang'ana.

"Ndikuyang'anirani, bambo," anatero osandiyang'ana kumaso.

Kuseri kwa nyumba ndinakhomera thabwa pamtengo, n'kujambulapo ndi khala kabwalo kofanana ndi chikhatho cha mwana. Ndinawerenga masitepe makumi anayi. Mlamu wanga anakhala pa chitsa n'kumandionerera.

"Zonsezi n'zachiyani, alamu? Ine yanga ija ndinkangofwinya nyuzipepala, gogodo gogodo, nguluwe pansi."

"Zingati?"

"Zingati chiyani?"

"Nguluwe."

"Mumafunsa ngati wapolisi. Ziwiri. Imodzi inali itakodwa kale pa msampha, koma inafa ndi mfuti yanga."

Anatulutsa mpango wa m'thumba n'kundiponyera. Unali wa thonje, wopyapyala, wochapidwa mpaka kufewa. Ndinaudula ndi mpeni. Kanatuluka kansalu kopanda maonekedwe, kokhala ndi ngodya zisanu.

"Mlongo wanga akanaona zimenezi akanakulandani mpeniwo," anatero.

Poti nsaluyo inali yopyapyala, ndinasankha chipolopolo chachikulu. Chinalowa molimba bwino, mwakuti ndinayamba kukhala ndi chikhulupiriro. Ndinaika fataki, kachitsulo kamene kamayatsa wonga, ndinatsamira pa mpanda n'kuomba.

Utsi utachoka, bowo linali kumanzere kwa kabwalo, kutalika kwa chikhatho changa. Pa ng'ombe limenelo ndi diso.

Ndinayenda ndikuyang'ana pansi. Kansalu kamatuluka limodzi ndi chipolopolo n'kugwa chapafupi, masitepe khumi kapena khumi ndi awiri. Woomba gogodela amakatola nthawi zonse, chifukwa ndi kamene kamanena zimene zachitika mumpope. Kakakhala kabwino umakapeza kathunthu, kakuda pang'ono pakati, timizere ta mpope titadinda m'mbali. Aka ndinakapeza mu udzu katadukaduka ngati kadyedwa ndi mbewa. Timizere ta mpope tinakacheka chipolopolo chisanafike ndi pansi pomwe.

Miyezo itatu.

Mwana wanga anabwera ndi zidutswa za nsalu zodzaza m'manja. Anaziika pa benchi. Ya timizere tabuluu panalibe.

"Izi ndi zimene ndapeza."

Ndinatenga machesi. Chidutswa chilichonse ndinkachiyatsa kungodya. Choyamba chinafwinyika, n'kusanduka kamkanda kakuda kolimba. Chachiwiri chimodzimodzi, chachitatunso.

"Bwanji mukuotcha nsalu za amayi?"

"Nayiloni."

"Ndiye?"

"Imasungunuka mumpope," anandiyankhira mlamu wanga. "Imamata ngati phula la mumsewu. Bambo akowa mawu amagula pa sikelo, mwanawe, uziwathandiza."

Chidutswa cha kaki chinapsa bwino, chinasiya phulusa lotuwa ndi fungo la pepala. Thonje lenileni. Ndinachifinya pakati pa zala. Chinali chokhuthala kuposa kansalu ka m'kachitini, koma ndinadziuza kuti kusiyana kwake n'kochepa. Ndinatenga chipolopolo chaching'ono.

Pakamwa chinalowa movuta. Ndinamenya ndi chikhatho, chinatsika. Ndinatsindira ndi ndodo, chinatsikanso pang'ono. Chitafika pakati pa mpope chinaima. Ndinakankha ndi manja awiri. Ndinagogoda. Sichinasunthe, pansi kapena m'mwamba.

Pa ndodo yanga pali kamzere kamene ndinalemba kalekale ndi mpeni. Chipolopolo chikakhala pa wonga, kamzereko kamalingana ndi pakamwa pa mpope. Tsopano kanali m'mwamba, kutalika kwa mkono kuyambira kuchigongono.

Kumusi kwa munda Kabatani analiranso.

"Ingoombani, alamu. Chituluka chokha. Nthawi ikutha."

Ndinayang'ana dzanja lake lamanzere. Lili ndi zala zitatu. Mfuti yake ya nyuzipepala ija inamuphulikira zaka zambiri zapitazo, chifukwa anaomba chipolopolo chisanakhale pa wonga. Mpata ukatsala pakati pa wonga ndi chipolopolo, mpope ndi umene umang'ambika.

Anaona pamene ndinkayang'ana. Anabisa dzanjalo m'khwapa.

"Chabwino. Musachite kunena."

"Sindinanene."

"Mwanena ndi maso. Maso anu amalongolola kuposa pakamwa panga."

Kuti tichizule bwinobwino ndinayenera kupha wonga uja kaye. Ndinathira madzi mumpope ndi pa kabowo ka fataki mpaka ndinakhutira kuti wanyowa wonse. Kenako ndinamanga kachitsulo kopota kunsonga ya ndodo, n'kukapotera mu mtovu. Mlamu wanga anakumbatira mfuti, ine ndikukoka ndodo. Kawiri kachitsulo kanazuka kokha. Kachitatu chipolopolo chinabwera, mlamu wanga n'kukhala pansi m'matope.

Kutsuka mpope ndi kuumitsa kunatidyera nthawi yambiri. Mwana wanga anapita kukaona kamtengo kaja. Pobwera anati kamira, ndipo madzi afika pamimba pa ng'ombe.

Miyezo iwiri.

Ndinaganiza zophatikiza. Tinsalu tiwiri ta mpango wa mlamu wanga, kamodzi pamwamba pa kanzake, ndi chipolopolo chaching'ono. Pakati pa zala makulidwe ake anafananako ndi kansalu ka m'kachitini. Chinatsika mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Ndinaomba.

Bowo linali pansi pa kabwalo, zala zinayi. Pa ng'ombe imeneyo ndi mphuno.

Tinsalu ndinatipeza patalipatali. Kamodzi kanali ndi bowo lopsa pakati, kakufukabe utsi. Tinatererana mumpope, moto n'kupeza njira.

Muyezo umodzi.

Ndinakhala pa benchi, mfuti ili pamiyendo. Mlamu wanga anavula chipewa n'kumachitembenuza. Ndinatulutsa theka lina la kansalu ka timizere tabuluu n'kumalifinya pakati pa zala, ngati zala zingandiuze kumene kanachokera.

Ndinakumbukira chinthu chimodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mkazi wanga anandiuza kuti nsalu imeneyi yasiya kupezeka m'masitolo, wafunsa paliponse. Anandidulira ina. Ndinapita nayo kutchire, ndinaphonya, ndinatola kansalu kopsa. Pobwera ndinakaika pa makina ake. Sindinanene kanthu. Patapita masiku awiri kachitini kanali pa tebulo, kodzaza tinsalu ta timizere tabuluu. Ndinaganiza kuti waipeza kwina. Sindinafunse.

Mwana wanga anali ataima pakona pa nyumba. Sindikudziwa kuti anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Kabatani analiranso, tsopano motsika, ngati mawu akumuthera. Mwanayo analowa m'nyumba. Ndinamva zipi ya chikwama chake, osati makatoni aja, chikwama chake cha zovala.

Anatuluka ndi epuloni ya mayi ake.

Inali yobiriwira, ya matumba awiri akuluakulu, limodzi la choko ndi tepi, lina la sizasi. Ankaivala tsiku lililonse akamakhala pa makina. Chaka chonsechi inali pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda chija.

"Ndinaidziwa nthawi yomwe ija, bambo," anatero. "Mutangondipatsa kansalu kaja."

Anaiyala pa benchi, m'kati mwake mukuyang'ana kumwamba. Epuloniyo inali ya nsalu ziwiri, yakunja ndi yam'kati. Yam'katiyo inali yoyera, ya timizere tabuluu tating'onoting'ono. Inali mabowo okhaokha. Ozungulira bwino, ofanana, ondondozana m'mizere kuyambira pachifuwa mpaka kumpendero, oyandikana mwakuti pakati pawo pankangotsala timaulusi. M'mphepete mwa mabowo akalewo anapitamo ndi singano kuti nsalu isamasuke.

"M'mawa poipinda ndimaganiza kuti ndi njenjete," anatero mwana wanga. "Ndiye ndimadzifunsa kuti njenjete yanji yodya mwa mzere chonchi."

Mlamu wanga anaweramira pafupi. Analowetsa chala m'bowo limodzi.

"Mlongo wanga," anatero.

"Ndinati ndingotenga chimenechi chokha," anatero mwanayo. "Makina, nsalu, zonse zija ndimati ndipereke kwa ena. Ndimafuna chinthu chimodzi chimene chikumvekabe fungo lawo. Ndiye ndikupeza kuti nachonso chinathera pa mfuti yanu."

Ndinagwira mpendero wa epuloniyo.

"Munkadziwa?"

"Ayi."

"Zaka zonsezi amavala pamaso panu."

"Ndinkaona kunja kwake kokha."

Anandiyang'ana. Ali ndi maso a mayi ake, amene amadikira kuti uonjezerepo mawu. Mayi ake anadikira zaka makumi atatu ndi ziwiri.

"Sindinafunse," ndinatero.

Kumunsi, pafupi ndi thumba la sizasi, kunatsala kachigawo kamodzi kosadulidwa. Pamenepo panali bwalo lojambulidwa kale ndi choko chabuluu. Linali litafufutika pang'ono koma linkaoneka. Anajambula, sanadule. Mwina kunabwera kasitomala. Mwina ndi tsiku limene anayamba kumva kupweteka.

Ndinatulutsa mpeni wanga.

"Ayi, bambo. Osati ndi chimenecho."

Anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa sizasi ya mayi ake. Anakhala pa benchi, nsalu pabondo. Analowetsa dzanja pakati pa nsalu ziwirizo kuti asaboole yakunja, n'kudula motsatira choko, pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Ndi mmene ankachitira mayi ake. Atamaliza anakandiika pachikhatho.

Ndinakafinya pakati pa zala. Kanali komweko.

"Palibe wonga woyesera, alamu," anatero mlamu wanga.

"Ndikudziwa."

Ndinapukuta mumpope ndi chidutswa cha kaki mpaka chinatuluka choyera. Ndinakhuthula zipolopolo zazing'ono zonse pa benchi n'kuzigubuduza chimodzichimodzi. China chinali ndi khwinya, china kabowo ka mpweya, china chinaphwanyika mbali. Ndinasankha chosalala, n'kupala ndi mpeni kamchira kamene chikombole chimasiya. Ndinathira wonga wotsirizawo, n'kugogoda nyanga kuti pasatsale kanthu.

Phula ndinalibe. Ukamaomba nthawi yomweyo malovu amakwanira. Ndinaika kansalu m'kamwa kuti kanyowe. Kanali ndi kukoma kwa sopo, choko ndi mafuta a makina. Ndinakasunga m'kamwa nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Awiri aja anayang'ana kumbali.

Ndinakayala pakamwa pa mpope, chipolopolo pakati penipeni, kamchira kopalidwa kaja kakuyang'ana kumwamba. Ndinakanikiza ndi chala chachikulu, chinakana. Ndinamenya kamodzi ndi chikhatho, chinalowa, nsalu itazungulira mbali zonse mofanana. Ndinatenga ndodo. Chinatsika mokakamira koma mosaima, ngati phazi likulowa mu nsapato yake. Pansi ndinamva wonga ukuti tswa. Kamzere ka pa ndodo kanalingana ndi pakamwa pa mpope.

Tinatsika.

Madzi anali atafika pachifuwa pa Kabatani. Anali atasiya kupalasa. Khosi analipinda, mutu atautsamiritsa pa mwala, akuyang'ana kuphedi. Ndinkangoona khutu ndi nyanga imodzi. Kabanga kaja sikankaoneka.

Ndinagubuduza chipika mpaka pamene nthaka inali yolimba, ndinagona chafufumimba m'matope, mfuti n'kuitsamiritsa pa chipikacho. Ndinaika fataki. Ndinadikira.

Sanatembenuke.

Mlamu wanga anaomba m'manja. Anaimba likhweru. Anaponya mwala m'madzi. Khutu lokha ndi limene linagwedera.

"Muitaneni, alamu. Ndi ng'ombe yanu."

Chaka chonsechi ndinkamupatsa udzu, madzi ndi mchere, ndinkamuchotsa nkhupakupa. Kumuitana sindinamuitanepo. Ndinkangotsegula khola, iye n'kutuluka. Woitana anali mkazi wanga. Ankaima pa geti madzulo n'kukokera dzinalo motalika, mawu akukwera kumapeto, ndipo ng'ombe inkabwera kuchokera kulikonse kumene inali.

Ndinayesa. Mawu anga anamira mu mkokomo wa madzi.

Mwana wanga anabwera n'kuima pambali panga, chakumbuyo pang'ono. Anali atavala epuloni ija pamwamba pa juzi yake. Sindinaone nthawi imene anaivala.

"Mwakonzeka, bambo?"

"Eya."

Anaika manja m'mbali mwa pakamwa.

"Kabataaani. Bwera, mayi. Bwera kuno."

Anali mawu omwewo. Mlamu wanga anakhala pansi pomwe anaima.

Khutu linaima. Mutu unadzuka pa mwala, unazungulira pang'onopang'ono, mpaka nkhope yonse inaloza kwa ife. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana epuloni. Kabanga koyera kanaonekera bwinobwino pakati pa matope a pamphumi.

Ukamaomba motsetsereka chipolopolo chimakwera pang'ono. Ndinaloza kumunsi kwa kabangako. Ndinatulutsa mpweya theka, n'kukoka.

Utsi wa gogodela ndi wambiri, ndipo kunja kukakhala chinyezi suchoka msanga. Kwa kanthawi sindinaone kanthu. Ndinangomva phokoso likubwerera kuchokera kuphedi, kenako madzi okha.

"Wagona, alamu," anatero mlamu wanga motsitsa mawu. "Sanaphuphe ndi kamodzi komwe."

Utsi utayera ndinaona mutu uli pa mwala, madzi akudutsa pakhosi. Kabanga kaja panalibenso.

Ndinadzuka, ndipo mwa chizolowezi maso anga anayamba kufuna kansalu. Masitepe khumi kutsogolo kwanga kunalibe nthaka. Ndinakaona kakuyandama pa madzi ofiirawo, kathunthu, kakuzungulira. Kanadutsa pansi pa nthambi ina, sindinakaonenso.

Tinaimabe pamenepo pang'ono. Mlamu wanga anati madzi akaphwa abwera ndi anthu ndi zingwe. Anafunsa ngati ndikufuna chikopa. Ndinati ayi, tidzamukwirira wathunthu. Anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anangovala chipewa n'kulowera kumunda kwake.

Pokwera kubwerera kunyumba mwana wanga anali patsogolo. Matope ankatigwira nsapato. Titafika pa geti anaima, dzanja lili m'thumba la epuloni.

"Nditenge, bambo?"

"Tenga."

"Makina aja ndiwasiya. Koma chitseko chija musamatseke. Muzilowamo, mukuchita nkhungu."

Ndinagwedeza mutu. Anadikirabe pang'ono, monga amachitira.

"Wadula bwino," ndinatero.

Analowa m'chipinda chosokera. Ndinamva akutsegula zenera.

Wonga ukagona mumpope umadya chitsulo. Ndinaika kachitini kopanda kanthu kaja pa tebulo, ndinateleka madzi, ndipo atatentha ndinatsuka mfuti.